Waya wa Apongozi

Nkana West,
Kitwe.
23 June, 1967.

Okondedwa Achimwene a Pius,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Ndola pamodzi ndi alamu anga a Emelda ndi ana. Kuno tonse tili moyo. Kalatayi sindiiponya ku positi chifukwa ingachedwe. Ndipatsa amuna awo a Dora, anansi athu, amene amayendetsa lole yopita ku Bwana Mkubwa, kufupi ndi kwanuko, ndipo alonjeza kuti akupatsani m'manja lero lomwe kuntchito kwanu. Ndikulemba mothamanga, lole inyamuka 8 koloko.

Ndiyambe ndi pempho, mwina mungatope musanafike kumapeto. Bwerani mawa Loweruka ndi basi yoyamba. Mutenge chikwama chanu cha zipangizo, waya wa fyuzi weniweni, ndi jekete lanu la ku tchalitchi. Chikwamacho ndi cha nyumba. Jeketelo ndi la mlandu, chifukwa pa Sondo akundikhazika pansi, ndipo nkhoswe yanga kuno ku Migodi ndinu nokha.

Mukumbukira pa Pasaka, titangolowa m'nyumba ino imene munali azungu, amuna anga, bambo a Norah, atakwezedwa pantchito? Munanditsegulira kabokosi kaja ka pakhoma la pabalaza, pafupi ndi chitseko. Munandionetsa chiswitchi chachikulu chozimitsa nyumba yonse, ndi mafyuzi oyera aja, iliyonse ndi kawaya kake kopyapyala ngati tsitsi. Munati malaiti amayenda mozungulira: amachoka m'bokosimo ndi waya wina, n'kudutsa mu babu kapena mu ketulo, n'kubwerera ndi waya wina. Munatinso chilichonse chimene walumikiza chimakoka gawo lake kudzera mu waya yemweyo wa m'khoma, ndipo zikachuluka wayayo amatentha. N'chifukwa chake kawaya ka mu fyuzi anakapanga kofooka dala, kuti kaduke iko msanga, njira itsekeke khoma lisanapse. Ine sindinavutike kumva, poti a Nicodemus, aphunzitsi athu a Sitandade 4 ku Katete, anationetsapo ndi mabatire awiri ndi babu ya tochi. Tsiku lina analumikiza waya kuchoka kumutu kwa batire mpaka kumunsi kwake popanda babu pakati, wayayo anawawotcha chala, ife n'kuseka mpaka kugwa pa benchi. Ngati pali pamene ndamva molakwa mudzandikonze, koma sindikhulupirira kuti ndalakwa.

Tsopano imvani za akatswiri a m'nyumba muno.

Apongozi anga aamuna anabwera mu May kuchokera ku Wusakile, komboni ya mgodi ya konkuno ku Kitwe, akuti kudzaona nyumba ya mwana wawo kwa masiku atatu. Anabwera ndi sutikesi, Baibulo la chikopa, ndi mwana wawo wamkazi Tryness. Lero ndi sabata yachisanu ndi chimodzi. Mpando wawo auika pansi pa kabokosi kaja, chifukwa pamenepo ndi pamene munthu wodutsa mumsewu angawaone bwino pawindo atakhala m'nyumba ya mzungu. Munthuyu wagwira ntchito pamgodi zaka 30, inde, koma ntchito yake inali yolemba maina a anthu olowa pansi. Pulayala sanaigwirepo. Nyumba yawo ya ku Wusakile ili ndi babu imodzi yolendewera, yodzaza matuvi a ntchentche. Koma muwamve akamafotokoza za magetsi, mungati ndiwo anawabereka.

Mwambo wa kwawo ku Mzimba mukuudziwa, munauona pa ukwati. Mkamwana sayang'ana apongozi kumaso, salankhula nawo, sadutsa ali chiimire pamene iwo akhala. Akakhala pabalaza ine ndimazungulira panja kuti ndikafike ku khitchini, m'nyumba yangayanga. Tiyi ndimamuika pakhomo nditagwada, Tryness n'kumutenga. Sindinadandaulepo. Ndinakwatiwa ndikudziwa, ndipo ngakhale kuti ndine Mkatolika pakati pa anthu a Chipresibeteriya, palibe anganene kuti mwana wa ku Katete alibe ulemu.

Kutayamba kuzizira anagula hita. Kenaka anati ketulo izikhala pabalaza, asamadikire tiyi wochokera ku khitchini ngati wodwala m'chipatala. Tryness nayenso anasamutsira nsimbi yake komweko, akuti kuchipinda kumazizira. Soketi ya pabalaza ndi imodzi, ndiye anagula chipulagi chija cha pakamwa patatu, n'kubayamo zonse. Pa Sondo lina masana fyuzi inaduka. Bambo a Norah anaikamo kawaya kamene munatisiyira kaja. Inadukanso. Anaikanso, inadukanso kachitatu, kawayako n'kutha. Tsiku limenelo panali alendo, akulu a mpingo anzawo a apongozi, ndipo tiyi anali asanapse. Ine ndinali nditagwada pakhomo la ku khitchini ndi thireyi ya makapu, ndiye ndinamva zonse.

Apongozi anatenga fyuziyo n'kuikweza m'mwamba ngati akufuna kuwerenga vesi.

“Abale, taonani kawaya aka,” anatero. “Muganiza mwini nyumba ali muno munali aka? Awe. Mzungu ndi wochenjera. Pochoka anazula wake wamphamvu n'kutisiyira ulusi, kuti munthu wakuda aziwotha moto womuyezera.”

“Zoona, mukwai,” anavomera mwaulemu wa Chibemba a Jameson, mkulu wa mpingo wina wa mano awiri. “Anatero kumene ndi shuga nthawi ya nkhondo.”

“Ife tikukhala pamwamba pa mkuwa,” anapitiriza apongozi. “Dziko lonse likugula waya kwa ife. A ku Japan akubwera kudzatigwadira. Ndiye ife eni ake tizivutika ndi ulusi? Cyril mwana wanga, mawa ubwere ndi waya wa amuna.”

Anawomba m'manja, Achimwene. Amuna akuluakulu asanu ovala mataye, kuwombera m'manja zopusa zotere.

Mawa lake bambo a Norah anabweradi naye m'chitini chawo cha chakudya: waya wa mkuwa wa kuntchito, wonenepa ngati msomali. Apongozi anamupinda okha ndi mpeni wa buledi, n'kumuika mu fyuzi ya masoketi. Kuyambira tsiku limenelo sinadukenso. Ndipo aliyense wolowa muno amamuonetsa. Wobwera kudzawerenga Baibulo, wobwera kudzapempha mchere, onse ayenera kuimirira pansi pa kabokosi n'kumva mmene apongozi anagonjetsera mzungu.

Ndinauza bambo a Norah tili awiri kuchipinda. Ndinanena mofatsa, zomwezo munandiphunzitsa.

“Philomena,” anandiyankha akuvula nsapato, “iwe ukufuna ine ndikaime pamaso pa bambo anga n'kuwauza kuti mkazi wanga wa Sitandade 4 akuti mwalakwa?”

“Musanene kuti ndine. Nenani kuti mwaganiza nokha.”

“Chikuyaka kapena sichikuyaka?”

“Chikuyaka.”

“Ndiye vuto n'chiyani?”

Ameneyo ndiye mwamuna wanga, wa Fomu 2, amene kuntchito amalamula anthu 40. Ndikhulupirira kuti mumtima mwake akudziwa. Akamadutsa pa kabokosiko amayang'ana kumbali ngati munthu wodutsa pamanda. Koma bambo ake akangotsokomola, iye amasanduka mwana wa kabudula.

Patapita masiku anayi ndinayamba kumva fungo kuchipinda kumene Norah amagona masana. Chipindacho chagundana ndi balaza, ndipo soketi yake ili kumbuyo kwenikweni kwa ya pabalaza, khoma limodzi. Fungolo linali ngati la kapenta wowola. Ndinasesa, ndinakolopa, ndinachotsa matiresi panja, osapeza kanthu. Nditagwira khoma pafupi ndi soketi, linali lofunda ngati msana wa munthu wa malungo. Ndinaitana Tryness kuti agwire nayenso. Anaima pakhomo atatseka mphuno ndi zala zake zopaka utoto.

“Alamu,” anatero, “m'nyumba za kuno sabisamo kapenta kunsi kwa bedi. Kuno si ku komboni. Muli ndi fuliji.”

“Tagwirani khomali.”

“Iyee, lafunda! Ndiye si bwino? Mwana sazizidwa.”

Mtsikana ameneyu akuphunzira kutaipa ku tawuni, ndipo amandikonza Chingerezi ndikamalankhula ndi wogulitsa mkaka.

Ndinasuntha bedi la mwana n'kuliika kukhoma linalo. Koma Norah ali ndi miyezi 10, wayamba kuima chogwira makoma, ndipo sakhala pamene wamusiya. Ndiye ndinachita zimene Amayi ankachita akafuna kuti agogo amve nkhani popanda kuwauza. Ndinakhala pansi kuseri kwa chitseko cha pabalaza, mwana pamiyendo, n'kumalankhula naye mokweza.

“Norah mwanawe, amalume ako a ku Ndola amakonza malaiti a m'mafakitale. Akuti kawaya ka mu fyuzi kayenera kukhala kochepa. Akuti ukaika konenepa, kamene kamapsa ndi waya wa m'khoma. Wamva, Norah? Khoma la kuchipinda kwako likutentha.”

Ndinamva nyuzipepala ikupindidwa.

“Norah mdzukulu wanga,” anatero apongozi, mawu okoma ngati pa guwa, “uwauze amako kuti agogo ako analowa ntchito pamgodi iwo asanabadwe. Uwauzenso kuti kwathu akazi amaphika. Ndipo uwafunse ngati madzi anga osamba atentha.”

Ndinakatenthetsa madziwo.

Dzulo Lachinayi kunazizira kuyambira m'mawa. Cha m'ma 3 koloko masana anabwera akulu a mpingo aja kudzakambirana za denga la tchalitchi chawo. Hita inali chiyakire. Ketulo inali pamoto kachiwiri. Tryness ankasita malaya a bambo ake pakona kuti alendo amuone kuti ndi wakhama. Kuwonjeza apo a Jameson anabwera ndi kasitovu kawo ka mbale imodzi kokazingira mtedza, poti anamva kuti muno malaiti satha mphamvu, ndipo anabaya chipulagi china pamwamba pa chinzake. Ine ndinali panja kuanula matewera. Norah ndinamusiya ali mtulo, chitseko nditatseka.

Kulira kumene ndinamva sindinakumvepo chibadwire chake. Ndinathamanga. Ndinamupeza atatsika pabedi, ataima chogwira khoma, kadzanja kake ka manja kali pa soketi. Chivundikiro chake chinali chitasungunuka, chakuda ngati phula la mumsewu, kautsi kakutuluka m'mabowo. Nditamunyamula, phulalo linabwera ndi dzanja.

Pabalaza anali akuimba nyimbo yotsegulira msonkhano. Sanaleke. Mwana akulira chotero kuseri kwa khoma, iwo anangokweza mawu, poti mwana akalira ndi nkhani ya amake.

Achimwene, apa ndi pamene pali mlandu wanga, ndipo ndikuuzani wonse kuti musadzaumve koyamba kwa iwo. Sindinazungulire panja. Ndinatsegula chitseko cha pabalaza n'kulowa ndili chiimire, wopanda mpango kumutu, mwana kudzanja limodzi. Ndinadutsa pakati pa amuna asanu, ndinalumpha miyendo ya a Jameson. Mpando wa apongozi unali pansi pa kabokosi, ndiye ndinaweramira pamwamba pa mutu wawo, chifuwa changa chinagunda magalasi awo, n'kugwetsa chiswitchi chachikulu. Hita inazima. Nyimbo inaduka pakati. Ndinazula fyuzi yawo ija, inali yotentha ngati mbatata ya pamoto, ndipo ndinaiponya pa Baibulo limene linali pamiyendo pawo. Ndinawayang'ana m'maso. Ndinaona koyamba kuti diso lawo lina lili ndi ng'ala.

Ndinati, “Bambo, onani dzanja la mdzukulu wanu. Waya wanu wa amuna ndi ameneyu.”

Palibe anayang'ana dzanjalo. Onse anayang'ana ine. A Jameson anangoti, “Mayo, mkamwana uyu!” Tryness anagwira pakamwa. Apongozi anayang'ana pansi, pa chikopa cha Baibulo pamene fyuziyo inasiya chipsera, n'kunena kwa anzawo, osati kwa ine, “Abale, mwaona. Mwandichitira umboni.”

Ndinatola fyuziyo ndi nsalu, ndinazula mafyuzi ena onse asanu, n'kuwamanga pa chitenje. Dora anandiperekeza ku kiliniki ya mgodi.

Kumeneko ndinanama. Sisita Maud atandifunsa chamuwotcha n'chiyani, ndinati wagwira mbaula. Anandiyang'ana nthawi yaitali, akuchotsa phulalo pang'onopang'ono ndi kachitsulo, mwana akukuwa.

“Mbaula ku Nkana West? Mbaula ya pulasitiki, mayo?”

Ndinabwereza bodza lomwelo. Mukudziwa chifukwa chake. Pepala limene tinasaina polowa muno likuti wogwira mawaya a nyumba ya kampani amachotsedwamo, ndipo wotuluka pageti ndi mkuwa, ngakhale kachidutswa, ntchito imatha tsiku lomwelo. Ndinanamira Sisita kuti nditeteze anthu amene anawotcha mwana wanga, ndipo pa Loweruka ndikalapa zimenezo kwa abambo mfumu, koma manyazi ake sindidziwa ngati adzatha.

Nditabwerera ndinapeza apongozi atakhala pakhonde, sutikesi pambali, chipewa kumutu, kuti anthu a mumsewu aone munthu wothamangitsidwa. Sanapite. Basi ya ku Wusakile inadutsa kawiri iwo akuiyang'ana. Akana chakudya chophika ine, koma Tryness akawapatsa chomwecho m'mbale ina amadya mpaka kunyambita. Bambo a Norah atabwera kuntchito anamunyamula mwana, anaona bandeji, misozi inalengeza. Ndinati mumtima, lero alankhula. Anapita pakhonde, anakhalako mphindi zingapo, n'kubwerera ndi chigamulo cha bambo awo.

Akuti pa Sondo tikachoka ku tchalitchi ndigwade pamaso pa akulu asanu aja ndi nkhuku yoyera m'manja, ndipepese chifukwa chowayang'ana kumaso, chowadutsa ndili chiimire, ndi chowalankhula. Akuti ndibweze mafyuzi onse m'manja mwa apongozi. Za dzanja la Norah akuti mlandu ndi wanga, poti mayi wosamala sasiya mwana yekha. Nditati ndiye ndinyamuka ndi mwana wanga kupita kwa achimwene ku Ndola, Tryness anayankha kuti kwawo analowola, mwana ndi wawo, ndipite ndekha.

Choopsa kwambiri ndi ichi. M'mawa uno Dora wandiuza zimene wamva kwa akazi awo a Jameson. Apongozi akuti nyumba ya mwana wawo singakhale mumdima ngati ya ku komboni chifukwa cha mkazi wamwano, ndipo ndikapanda kubweza mafyuzi pofika pa Sondo, akhoma misomali iwiriiwiri m'mabowo momwemo n'kuyatsa. A Jameson akuti ali nayo misomali ya denga la tchalitchi. Soketi ya kuchipinda idakali chomwecho, mawaya ali pamtunda, ndangotsekapo ndi kabati. Waya wa m'khomamo sindidziwa kuti wapsa mpaka pati. Inu mukudziwa zimene zingachitike kuposa ine.

Mafyuzi ali m'chiuno mwanga. Ndagona nawo, ndasamba nawo, andichititsa mabala. Bambo a Norah andipempha kawiri, kachiwiriko atagwada, chitseko atatseka kuti bambo awo asawaone.

Tsono mundimvetse. Kugwada ndigwada. Nkhuku Dora wandipezera kale, ili m'dengu kuseri kwa khitchini. Ndinawayang'anadi kumaso, ndipo mlandu umenewo ndiuvomera, anene zonse zimene akufuna, ndiwombe m'manja mpaka atope. Musadzabwere kudzandimenyera nkhondo pa zimenezo, mungangowononga. Koma mafyuzi ndipereka m'manja mwanu basi. Mudzatsegule khomalo iwo akuona, muwaonetse waya wopsa, muwauze zomwezo zimene ndinauza Norah kuseri kwa chitseko. Musasinthe ngakhale liwu limodzi. Poti inu muvala buluku ndipo muli ndi satifiketi, adzagwedeza mutu n'kunena kuti ankadziwa kale. Anene, ine ndilibe nazo kanthu.

Mukapanda kubwera, nawonso n'kutenga misomali ija, ndaganiza kale chochita. Ndidzabereka Norah n'kupita ku ofesi ya nyumba za kampani, ndikanene zonse, ndi dzina la amene anatulutsa waya pageti. Ndikudziwa kuti ndikatero ntchito yatha, nyumba yatha, mwinanso banja. Ndamuuza mwini wake dzulo, anangondiyang'ana ngati sandidziwa. Musandisiye ndifike pamenepo, Achimwene, chifukwa munthuyu ndi wamantha koma si woipa, ndipo ndimamukonda.

Amayi musawalembere chilichonse. Akamva za bandeji adzagulitsa mbuzi n'kukwera basi, ndiye mlandu udzakula.

Mundiperekere moni kwa alamu a Emelda. Muwauze kuti juzi lija analukira Norah silikulowa, mkono ukukanira pa bandeji. Ngati pali lina la Fanwell la mikono yaikulu limene analisiya, mubwere nalo, kuno kukuzizira. Moni kwa Fanwell ndi Ackson, muwauze kuti azakhali sanaiwale masiwiti awo. Sisita Maud ananditengera pambali potuluka, anati zala ziwiri zapakati zapsa mpaka mkati, mwina sizidzatambasukanso bwino. M'nyumba muno sindinauze munthu, ngakhale bambo ake. Ndinu oyamba.

Ndidzakhala pa siteshoni ya basi kuyambira 7 koloko.

Ndine mlongo wanu,
Philomena, amake Norah.